Njinga ya Godwin Idutsa pa Chigwetsa

Ester akamatchula dzina la Godwin khosi limatalika, ndikukuuzani. Amayi amene ankayanika naye usipa pa mathandala a ku doko anali atatopa nazo. Nkhani ikhale ya mchere, ikhale ya mwera, iye aipindapinda mpaka ikafike pa Godwin. Mnyamatayo anali wa ku Chitala, wa kabaza wa njinga yamoto pa siteji ya ku Senga Bay, koma chimene chinkamutukumula Ester ndi manja ake. Njinga imene amakaniko ena aitaya, Godwin ankaidzutsa.

Vuto linali mchenga. Pakati pa msewu wa tala ndi mudzi wa kwawo kwa Ester pali mchenga wakuya, womeza phazi mpaka m'kakolo, ndipo anthu anangoutcha kuti pa Chigwetsa. A kabaza onse akafika pamenepo amatsitsa munthu n'kumakankha njinga ngati mbuzi yokana kupita kumsika. Mmodzi yekha ndi amene anachita matama n'kulowamo ali ndi munthu kumbuyo, ndipo wokwera kumbuyoyo anali bambo ake a Ester. Anathyoka fupa la m'chiuno. Mpaka lero amayenda ndi ndodo, bwato lawo akupalasa ena.

Choncho aNambewe, mayi ake a Ester, analumbira pawiri: mwana wawo sadzakwera njinga yamoto, ndipo wa kabaza sadzalowa pakhomo pawo ngati mkamwini. Ester analira, ananyanyala chakudya, anachita zonse zimene atsikana amachita. Mayiwo atatopa anamuponyera mawu moseka.

"Chabwino. Tsiku limene chinjinga chakecho chidzadutse pa Chigwetsa ndi munthu kumbuyo, osagwa, osaponda pansi, adzatumize ankhoswe ake."

Ankanena podziwa kuti n'zosatheka. Koma anaiwala kuti pakhonde panali mchimwene wawo, a Mcdonald, mwini mbumba, amene popanda mawu awo Ester sangakwatiwe ndi munthu aliyense pansi pano. A Mcdonald anagwedeza mutu n'kunena kuti amva. Mawu akafika m'khutu la amalume sabwereranso m'kamwa.

*

Ester anamupeza Godwin kuseri kwa siteji, pansi pa mtengo wa mango, njinga ataikhazika pa chitsa, tayala la kumbuyo lili m'malere. Poyamba sanaizindikire n'komwe.

"Iwe Godwin, njinga ija waidyetsa chiyani? Yanenepa kumbuyo ngati mayi wa pa sitolo!"

"Tabwera uone," anatero Godwin akupukuta manja pa kansanza. "Tayala ili ndalichotsa ku njinga ya m'mafamu. Ndi lalikulu, silimira. Mano awa ndadula ndi mpeni wamoto, lina kudula, lina kusiya, kuti otsalawo azikankha mchenga ngati nkhafi m'madzi. Mpweya ndachepetsa kuti tayala lizigona pamchenga, lisamaboole."

"Nanga apa wawotchererapa?"

"Chitsulo chogwira tayala ndachitalikitsa pang'ono. Njinga yaifupi imagwedeza mchira, yaitali imayenda mowongoka. Koma mtima wa zonse ndi awa." Anagogoda mashoko awiri ofiira, akuluakulu, okhala ndi masipuling'i onenepa ngati chala cha mwamuna. "Akale aja anali ofewa ngati phala. Munthu akakhala kumbuyo njinga imagwada, handulo n'kuyamba kuvina yokha. Ndi zimene zinagwetsa bambo ako. Si mchenga wokha ayi."

Ester sanamve zonse, koma anamva kukoma. Anayang'ana uku ndi uku kufuna kuona ngati alipo amene akumvetsera mwamuna wake akuyankhula nzeru, ndipo anadandaula kuti panalibe.

"Ndiye wayesa?"

"Ndi thumba la chimanga ndadutsa bwinobwino. Koma thumba ndi thumba, Ester, silichita mantha. Munthu njinga ikangoti pendeke amauma thupi, amatsamira kolakwika, ena amafuna kudumpha. Mashokowa ndiyenera kuwamanga ndili ndi munthu wamoyo kumbuyo. Anzanga a pa siteji sathandiza, anazolowera njinga. Ndikufuna munthu wamantha."

Anamuyang'ana m'maso. Ester anapukusa mutu.

"Ine ayi. Amayi akangomva kuti ndakwera, zonse zathera pomwepo." Anaganiza pang'ono, kenako anaomba m'manja. "Ndikupatsa Martha!"

Martha anali msuweni wake, mwana wa a Mcdonald, mtsikana wamantha woti chule amamuthamangitsa. Komanso anali ndi wake, mnyamata wophika pa loji ina, amene anali atapereka kale chikole.

"Anthu sayankhula?" anafunsa Godwin akukanda m'mutu.

"Ayankhule! Pakamwa ndi pawo. Ine ndimadziwa chimene ndili nacho."

*

Martha anakana, analira kuti ali ndi mano abwino sakufuna kuwasiya mumchenga, kenako analola. Kuyambira pamenepo m'mawa uliwonse, dzuwa lisanatenthe mchenga, pa Chigwetsa pankamveka injini ndi kukuwa kwa mtsikana. Opita kumunda ankaima, opita ku doko ankaima, ndipo opanda kopita ndi amene ankaima kwambiri.

Saida, mayi wa thandala loyandikana ndi la Ester, anapirira masiku angapo kenako zinamukanika.

"Walahi, iwe mwana, mutu wako ukuyenda? Nyama yako waisungitsa kwa mphaka."

"Mphaka wake uti? Martha ndi msuweni wanga, Saida."

"Ndiye msuweni alibe manja? Ine ndawaona manjawo pamene akugwira. Wakutsina khutu ndi mnansi, ndakuuza."

Ester anaseka mokweza kuti onse a pa mathandala amve.

"Godwin wanga uja mumukweze akazi khumi kumbuyo, akafika amafunsa kuti Ester ali kuti. Inu mumaopa chifukwa amuna anu mumachita kuwamangirira pa chingwe. Wangayo ndi womasuka, ndipo amabwera yekha."

Amayi aja anangoti "Eee!" n'kupitiriza kutembenuza usipa. Foni ya Ester inalira pachitenje, iye n'kuitulutsa mwamatama.

"Lero tafika pakati, ndinaponda pansi kamodzi kokha," analemba Godwin. "Mashoko ndalimbitsa kwambiri, Martha amadumpha ngati mbuliwuli m'chiwaya."

"Fewetsa. Usandiphere msuweni."

"Ndimalakalaka kumbuyoku kukanakhala iwe."

"Pirira. Mpandowo uli ndi mwini wake."

Ester anawawerengera amayi aja uthengawo, wonse, kawiri.

*

Kaminga koyamba kanamubaya pa mjigo. Martha anabwera ndi ndowa yake akunyezimira nkhope, mantha onse aja atapita kaya kuti.

"Msuweni, ukudziwa kuti munthu akakhala kumbuyo sayenera kulimbana ndi njinga? Godwin akuti uzingoitsatira ngati mukuvina. Godwin akuti ine ndaphunzira msanga. Godwin akuti..."

"Godwin akuti, Godwin akuti," anatero Ester akupopa madzi mwamphamvu. "Masiku ano dzina la mlamu wako lakoma m'kamwa, eti?"

"Aaa, msuweni, nsanje? Si unandituma wekha?"

"Nsanje ine? Ndi iwe?"

M'mawa mwake Ester anasiya usipa n'kukaima kuseri kwa mgwalangwa kumapeto a Chigwetsa. Njinga inabwera ikulira mokoma, mchenga ukuuluka kumbuyo. Koma maso a Ester sanali pa tayala. Manja a Martha anali atazinga m'chiuno mwa Godwin, tsaya atalitsamiritsa pamsana pake, akuseka maso atatseka. Ester anamva nsanje, yeniyeni, yotentha.

Anadikira Martha atapita.

"Kodi njinga yakoyi chitsulo chogwira kumbuyo unachichotsa?"

Godwin anatembenuka mosangalala, koma ataona nkhope yake chimwemwe chinazima.

"Chilipo. Ndinamuuza kuti azigwira pamenepo, akuti amaopa."

"Oopa amaseka choncho?"

"Ester, ndinakufunsa ine kuti anthu sayankhula? Ngati zikukuwawa tisiye lero lomwe. Ndibwerera ku thumba langa la chimanga, lilibe manja."

Pamenepo ndi pamene munthu wanzeru akanati inde, siya. Koma Ester anakumbukira Saida, anakumbukira mawu amene anawaza pa mathandala, ndipo anaona kale mmene amayi aja akasekere akamva kuti Martha wachotsedwa pa njinga. Anakweza chibwano.

"Ndani wanena kuti zikundiwawa? Maliza ntchito. Watsala pati?"

"Pang'ono. Pakona paja njinga ikumatsetsereka."

"Ndiye ikonze. Ndikufuna amayi adzatsegule pakamwa osatseka."

Godwin anamugwira dzanja n'kulifinya. Mafuta akuda anatsalira pa zala za Ester, ndipo iye sanawapukute mpaka anakafika ku doko.

*

Tsiku loyesa linali Lamlungu anthu atatuluka m'tchalitchi. Mudzi wonse unakhamukira pa Chigwetsa, ena akadali ndi mabuku a nyimbo m'manja. A kabaza a pa siteji anabwera onse, theka kudzachemerera, theka kudzaseka. ANambewe anaima patali manja atapinda pachifuwa, amuna awo atatsamira ndodo pambali pawo.

Godwin anafika atavala malaya oyera ngati akupita kukabatizidwa. Martha anayamba kuyandikira njinga monga mwa chizolowezi, koma a Mcdonald anakweza dzanja.

"Iwe khala uko. Wazolowera kale, ndiye tiona chiyani? Mawu ndinamva ndine, ndiye woyesa ndine."

Anthu anaphulika kuseka. A Mcdonald ndi munthu woti akakwera minibasi kondakitala amayamba wapuma kaye. Mimba yokha imafika pamalo iwo akadali m'njira. Ester anayang'ana njinga ija. Mashoko aja anamangidwira kamtsikana, osati chimunthu chonsechi.

Koma Godwin sanatekeseke. Anawayang'ana amalumewo kuyambira kumutu mpaka kuphazi ngati munthu wogula ng'ombe.

"Bambo, takhalani kaye tione."

Anakhala, njinga inagwada, a kabaza aja anaimba mluzu. Godwin anawapempha kuti atsike, anatulutsa sipanala m'thumba, n'kukhwimitsa masipuling'i onse awiri mpaka pomaliza. Anawonjezera mpweya pang'ono m'tayala la kumbuyo, analifinya ndi chala, n'kuwaitananso. Ulendo uno njinga inatsika pang'ono chabe n'kuima chilili.

"Njinga ikapendeka musalimbane nayo, bambo. Ingoitsatirani."

"Iwe yendetsa. Ukandigwetsa, ugwe ndi ukwati wako womwe."

Injini inalira. Analowa mumchenga mosathamanga, mosazengereza, tayala la kumbuyo likuponya mchenga ngati mayi wopeta. Pakati penipeni, pamene njinga zonse zimamira, iyi inangoyandama. Atafika pakona kumbuyo kunatsetsereka, a Mcdonald anakuwa "Mayo ine!" n'kuuma thupi, anthu anagwira m'mutu. Godwin anangowonjezera moto pang'ono, mashoko anameza kugwedezeka konse, njinga inawongoka yokha n'kukwera kumtunda kolimba. Phazi silinakhudze pansi.

Nthungululu yoyamba inali ya Ester, ndipo inamveka mpaka ku doko. Anaiwala manyazi, anaiwala kuti mayi ake ali pomwepo. Anamasula chitenje n'kuchizunguza m'mwamba.

"Mwamuonatu! Ndi wanga ameneyo! Saida, uli kuti? Tanena kanthu!"

A kabaza anamunyamula Godwin paphewa. A Mcdonald anatsika akuuza aliyense kuti iwo sanaope, kukuwa kuja kunali kuchemerera. Bambo ake a Ester anayandikira pang'onopang'ono ndi ndodo yawo. Anakanikiza mpando ndi dzanja, unatsika n'kubwerera mofatsa. Anakanikizanso.

"Ikanakhala iyi tsiku lija," anatero, "bwenzi ndikupalasa bwato langa."

ANambewe anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango. Kunyada kwawo kunali kofanana ndi kwa mwana wawo, choncho sanamuyang'ane Godwin. Anayang'ana njinga.

"Mawu ndinanena ndine. Atumize anthu ake."

Sabata imeneyo Ester sankaponda pansi. Kumsika, kumjigo, kutchalitchi, nkhani inali imodzi, ya mano a tayala ndi masipuling'i, ndipo ankaifotokoza ngati anawotcherera yekha. Mpaka amayi oyembekezera anayamba kufunsa nambala ya Godwin, akuti njinga yake sigwedeza mwana. Koma paja akulu anati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

*

Loweruka m'mawa a Kenneth, amalume ake a Godwin, anafika kuchokera ku Chitala atavala jekete dzuwa likuswa mtengo. Anawalandirira pakhonde la a Mcdonald, monga mwa mwambo. ANambewe anakhala pamphasa chapambali. Ester anavala diresi yake ya buluu, anawapatsa alendo madzi atagwada, n'kukabisala kuseri kwa chitseko pamene mawu onse amafika. Martha anali m'chipinda, ndipo kuyambira dzulo lake sanatuluke.

Atatha malonje, a Kenneth anakhosomola.

"Ife tabwera ndi nkhani yabwino. Mphwanga Godwin waona mbeta m'mbumba mwanu muno, ndiye watituma kuti tidzagogode."

"Mwachita bwino kubwera," anayankha a Mcdonald. "Mnyamatayo ndamuona ndekha, manja ake ndi a mwamuna. Ndikanakhala kuti ndimasankha mkamwini pamsika, ndikanasankha yemweyo."

Ester anadziluma chala kuti asaseke mokweza.

"Mbeta yake ndi Ester, mwana wa mlongo wanu," anatero a Kenneth.

A Mcdonald anapukusa mutu.

"Pamenepo ndiye pali minga. Lachinayi kunabwera anthu a mnyamata wophika uja, amene anapereka chikole kwa mwana wanga Martha. Adzatenga chikole chawo. Akuti sangakwatire mtsikana amene Senga Bay yonse yamuona m'mawa uliwonse atakumbatira mwamuna wina, tsaya pamsana. Ndinayesa kuwauza kuti inali ntchito ya mashoko. Anandifunsa kuti mashoko amamangidwa ndi tsaya?"

"Achimwene," aNambewe anadzuka pamphasa, "mukufuna kunena chiyani?"

"Khala pansi, mlongo wanga. Ester ndi mphwanga, ndimamukonda. Koma dzina limene ladetsedwa ndi la Martha, ndipo amene walidetsa ndi mphwawo wa bambowa. Ine ndivomereze ukwati wa Ester, mwana wanga atsale akusekedwa pa mjigo? Ayi. Godwin akafuna kulowa m'banja lino, khomo ndi limodzi. Atenge amene wakhala akumunyamula."

Ester sanadziwe kuti watuluka bwanji. Anangozindikira ali pakhonde, pamaso pa alendo, osagwada n'komwe.

"Amalume, si zoona! Palibe chimene chinachitika! Muitaneni Martha anene yekha!"

Martha anaitanidwa. Anabwera atafunda chitenje kumutu, maso otupa, n'kugwada pafupi ndi bambo ake.

"Msuweni, auze," anatero Ester. "Auze kuti Godwin sumufuna."

Martha anayang'ana pansi, akukanda simenti ndi chikhadabo.

"Ine sindinapemphe kukwera njinga ija," anatero chapansipansi. "Ndinakana. Anandikakamiza ndi Ester. Tsopano wanga wapita." Anapuma, n'kukweza maso pang'ono. "Zimene anene ababa, ine sindikana."

ANambewe anatembenuka pang'onopang'ono.

"Ester, n'zoona? Unam'tuma ndiwe?"

Ester anatsegula pakamwa, koma khosi lija limene limatalika akamatchula Godwin linali litauma gwa. Anafuna kunama, koma mboni zinali doko lonse, ndipo anaziitana yekha. Anachita manyazi, anachita mantha, ndipo kwa nthawi yoyamba anamuopa msuweni wake.

M'dzanja mwake foni inanjenjemera. Anali Godwin, amene ankadikira ku siteji atatsuka njinga mpaka masipoko.

"Zatheka, mkazi wanga? Ndibwere ndidzakutenge pa mpando wako?"